PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUKONZA KAMERA YA FONI KUTI CHITHUNZI CHIONEKE BWINO

Masiku ano mlimi akapeza mbozi yachilendo m'munda mwache sadikiranso kuti mlangizi wa zaulimi afike pa njinga. Atulutsa foni m'thumba, najambula mbozi ija, natumiza chithunzi kwa mlangiziyo tsiku lomwelo. Mai amene mwana wache ali pa ntchito ku Johannesburg achita chimodzimodzi ndi chiphaso, kalata ya ku sukulu, kapena nyumba imene iri kumangidwa ndi ndalama zotumizidwa. Zonsezi nzabwino. Koma chithunzi chosaoneka bwino chifanana ndi kalata imene yanyowa ndi mvula pa njira: yafika ndithu, koma wolandirayo sangathe kuwerengamo kanthu. Mlangizi akalandira chithunzi cha chimbuuzi sangakuuzeni chochita, ndipo mbozi sizileka kudya podikira kuti mujambulenso.

Anthu ambiri akaona kuti zithunzi zao sizituluka bwino amati, "Foni yangayi njotchipa, ikadakhala ya mtengo wapatali bwenzi zikuoneka." Mau amenewa ali ndi choonadi pang'ono chabe. Vuto lalikulu nlakuti kamera ya foni ingoganizira yokha chimene inu mufuna kujambula, ndipo kawirikawiri iganiza molakwa. Siidziwa kuti mufuna nkhope ya agogo, osati mitambo ya kumbuyo kwao. Ntchito yanu ndiyo kuiuza. M'phunziro lino tikamba za mafoni a Android, onga itel, Tecno, Infinix ndi Samsung, pakuti ndiwo afala m'midzi mwathu. Maina a zinthu asiyana pang'ono foni ndi foni, ndipo ambiri alembedwa m'Chingerezi. Tiwalemba monga momwe aonekera pa galasi la foni kuti musavutike powafuna.

KAMERA IONA BWANJI?

Kuseri kwa foni kuli kagalasi kozungulira kamene tikatcha diso la kamera. Kuwala kukalowa pa disolo kufikira pa kambale kakang'ono, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chanu chaching'ono, ndipo kambaleko kagawidwa m'timadontho mamiliyoni. Kadontho kalikonse kayesa kuwala kumene kwagwerapo, ndipo foni iphatikiza zonsezo kukhala chithunzi.

Tsono ganizirani za munthu wotchera madzi a mvula ndi kapu. Mvula ikachuluka kapu idzaza msanga. Ikangowaza, munthuyo ayenera kuimirira nthawi yaitali. Kamera nayo nchimodzimodzi. Pa dzuwa la masana itenga kuwala kokwanira m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, mwina gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. M'nyumba ya zenera limodzi ifuna gawo limodzi mwa magawo 15 kapena 10. Nthawi imeneyo ioneka yaifupi kwa ife, koma ikwanira kuti dzanja linjenjemere kapena mwana atembenuze mutu, ndipo chithunzi chituluka chimbuuzi.

Kuwala kukachepa foni ichitanso chinthu china: ikweza mphamvu ya kambale kaja, monga momwe mukwezera mau a wailesi pamene siteshoni iri kutali. Mau akwera inde, koma phokoso likwera pamodzi nao. Pa chithunzi phokosolo lioneka ngati mchenga wowazidwa pa nkhope za anthu. Mphamvu imeneyi itchedwa ISO. Pa 100 chithunzi chiri chosalala. Pofika 1600 kapena 3200 mchenga uja wachuluka. Nchifukwa chache kutulutsa chinthu panja, kapena kuchiyandikitsa pa khomo, kuthandiza koposa batani lirilonse la m'foni.

Musanakhudze batani lirilonse pukutani diso la kamera. Foni ikhala m'thumba limodzi ndi makobiri, igwidwa ndi manja a mafuta odzola, thukuta ndi fumbi la ku chigayo. Chithunzi chikaoneka ngati mwajambula m'nkhungu ya ku Dedza, kapena nyali zikatuluka ndi mizere yaitali, dziwani kuti ndi mafuta amenewo. Uzirani kaye kuti kamchenga kachoke, pakuti kakanda galasi, kenaka pukutani ndi nsalu yofewa youma. Onaninso ngati pulasitiki imene idabwera ndi foni ikadali pa disolo.

KUGUNDA PA GALASI

Ichi ndicho chinthu chachikulu m'phunziro lonse lino. Kamera ikayang'ana iphatikiza kuwala konse kumene kuli patsogolo pache, niyesa kuti chithunzi chisawale kwambiri ndiponso chisade kwambiri. Tsono muimike munthu pa bwalo, kumbuyo kwache kuli thambo lowala kapena khoma lopaka laimu. Kamera iona kuti kuwala kwachuluka, nichepetsa. Thambo lituluka bwino ndi mitambo yache yomwe, koma nkhope ya munthu isanduka yakuda bii, mungoona mano ndi kolala ya malaya. Ife a khungu lakuda vutoli litigwera kwambiri, makamaka pa ukwati pamene mkwatibwi wavala diresi loyera, kapena pa msonkhano wa amai a ku mpingo ovala zoyera okhaokha. Nsalu yoyerayo inyenga kamera, ndipo nkhope ndizo zilipira.

Vuto limeneli nlakale. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak ku America inkapereka kwa otsuka zithunzi kakhadi ka chithunzi cha mkazi wa Chizungu, kuti ayesere pamenepo mitundu ya m'makina ao, ndipo kwa zaka zambiri filimu inkalephera kuonetsa bwino nkhope zakuda. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, imene ipanga Tecno, itel ndi Infinix, idatchuka mu Africa mwa zina chifukwa chokonza makamera ache kuti aone bwino khungu lakuda. Google nayonso idatulutsa njira yache yotchedwa Real Tone pa foni ya Pixel 6 m'chaka cha 2021. Zinthu zasintha tsono, komabe palibe foni imene singanyengeke ndi thambo lowala.

Mankhwala ache ndi awa. Musanajambule, gundani ndi chala pa galasi la foni, pa malo enieni pamene pali nkhope. Pabwera kabokosi kapena kamzere kozungulira. Pamenepo mwauza kamera zinthu ziwiri: kuti apa ndipo payenera kuoneka bwinobwino, ndi kuti iyese kuwala kuchokera apa. Mudzaona nkhope ija iri kuwala pamaso panu. Pambali pa kabokosiko mafoni ambiri aonetsa kachizindikiro ka dzuwa. Mukakakokera m'mwamba chithunzi chiwala, mukakakokera pansi chida. Pa mafoni ena kakokedwa cham'mbali. Kwezani pang'onopang'ono mpaka maso ndi mphuno zioneke, nimulekere pomwepo. Musakweze mopyola ai. Chithunzi chakuda pang'ono chitha kuwalitsidwa pambuyo pache mu Gallery, koma malo amene ayera mbee mpaka kutaya maonekedwe ao sangabwezedwenso.

Mukakanikiza chala pa galasi kwa masekondi awiri osachotsa, mafoni ambiri atsekera muyeso umenewo, ndipo pabwera kaloko kapena malembo akuti AE/AF. Izi zithandiza pojambula zithunzi zambiri pa malo amodzi, monga ana a m'kalasi mmodzi-mmodzi, kuti kamera isamasinthe maganizo munthu akadutsa kumbuyo.

Komabe ine ndiona kuti kusuntha munthu kuposa kusintha foni. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko dzuwa liri pamwamba pa mutu. Maso alowa mu mthunzi, munthu atsinzina, ndipo wovala chipewa atayika nkhope yonse. Muimikeni pa khonde kapena pa khomo la nyumba, ayang'ane kunja, inu muime pa bwalo. Kuwala kwa bwalo lonse kugwera pa nkhope yache mofatsa, ndipo kumbuyo kwache kuli mdima wa m'nyumba umene sunyenga kamera. Khonde lotereli liposa nyali za ojambula a m'tauni, ndipo silifuna ndalama. Mthunzi wa mtengo wa mango uli bwinonso chifukwa ngwathunthu, koma mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali uika mawanga pa nkhope. Tsiku la mitambo, limene ambiri aganiza kuti nloipa, ndilo labwino koposa pojambula anthu.

Pali zina zimene simungathe kusuntha, monga nyumba imene mufuna kuonetsa mwini wache ali kutali: denga la malata liri kuwala, pa khonde pali mdima. Apo ndipo pafunika HDR. Foni ijambula zithunzi zingapo mofulumira, china chakuda, china chowala, niziphatikiza kuti denga ndi khonde zioneke zonse. Isiyeni pa Auto masiku onse. Koma pojambula ana othamanga kapena anthu ovina izimitseni, pakuti pa mafoni ena wosunthayo atuluka ndi manja awiriawiri.

ZA M'KATI MWA SETTINGS

Mukatsegula kamera, pa ngodya pali kachizindikiro konga kagudumu ka mano. M'menemo, kapena pa mzere wa pamwamba pa galasi, mupeza manambala akuti 4:3, 16:9, 1:1 ndi mau akuti Full. Ambiri asankha Full chifukwa chithunzi chidzaza galasi lonse, nichioneka chachikulu. Kumeneko nkunyengeka. Kambale kaja m'mafoni ambiri kapangidwa mwa 4:3, ndipo miyeso inayo ingodula m'mbali mwa chithunzi nkutaya. Sankhani 4:3. Ngati mufuna kudula, mudzadula nokha pambuyo pache mutaona chimene chiribe ntchito.

Pa katoni ya foni amalonda alemba manambala akuluakulu, 48MP kapena 50MP. MP imodzi ndiyo timadontho miliyoni imodzi. Koma mafoni ambiri otere aphatikiza timadontho tinai kukhala kamodzi, kuti katenge kuwala kochuluka, kotero kuti chithunzi cha masiku onse chituluka cha 12MP kapena 12.5MP. Musaganize kuti akuberani. Chithunzi cha 12MP chiri ndi timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, pamene chithunzi chokatsukitsa cha mainchi 4 kwa 6 chifuna timadontho 1200 kwa 1800 basi, ndipo pepala lonse la A4 lifuna pafupifupi 9MP. Batani la 50MP liyatseni pokhapokha pa dzuwa, pojambula chinthu chosasuntha chimene mudzafuna kuchikulitsa. M'nyumba lingodya malo pachabe. Kulakwa kwina nkwa iwo amene atsitsa muyeso kufikira wochepetsetsa pofuna kusunga malo. Chithunzi cha 12MP chitenga pafupifupi 3MB kapena 4MB, ndiye kuti mu 1GB mulowa zithunzi zoposa 250. Chimene chidzaza foni ndi mavidiyo olandira m'magulu a WhatsApp. Fufutani amenewo, zithunzi zanu muzisiye pa muyeso wao.

M'menemo mupezanso Beauty, kapena AI Beauty, kapena kachizindikiro ka nkhope. Ntchito yache ndiyo kusalaza khungu, kuliyeretsa, ndipo mwina kukulitsa maso. Pa mafoni ambiri ibwera yoyaka kale, makamaka pa kamera ya kutsogolo. Achinyamata aikonda, ndipo zimenezo nzao. Koma taganizani za mai amene ajambula zidzolo za pa khungu la mwana kuti aonetse mlangizi wa zaumoyo: Beauty isalaza zidzolozo, ndipo chithunzi chinena bodza. Taganizaninso za chithunzi cha agogo chimene zidzukulu zidzasunga iwo atapita. Makwinya ndi mphini zao ndizo nkhope yao, ndipo ine sindiona chifukwa choti makina azifufute osawafunsa. Itsitseni pa 0.

Watermark ndiyo ilemba dzina la foni pa ngodya ya chithunzi chirichonse. Izimitseni, iphimba malembo a pa kalata, ndipo mukulengezera malonda a eni ache kwaulere. Koma kumene kuli kolemba tsiku pa chithunzi, mlimi wosunga mbiri ya munda wache angakuyatse. Grid iika mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa pa galasi; siituluka pa chithunzi, ingokuthandizani kuti khoma lisapendekeke.

KUJAMBULA MBOZI NDI MASAMBA

Mbozi ya ntchemberezandonda ya mtundu watsopano, imene m'Chingerezi aitcha fall armyworm, idachokera ku America nioneka mu Africa koyamba m'chaka cha 2016. Pofika Disembala 2017 Boma lidalengeza kuti maboma 20 m'dziko muno agwa m'ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Kuti mlangizi aisiyanitse ndi kapuchi kapena mbozi zina, ayang'ana zizindikiro ziwiri. Pa mutu pache pali mzere woyera wonga chilembo Y chozondoka, ndipo chakumchira, pa mfundo yachiwiri kuchokera kumapeto, pali timadontho tinai takuda tokhala ngati ngodya zinai za bokosi. Chithunzi chimene sichionetsa ziwirizi sichiyankha funso la mlangizi.

Pofuna kukulitsa mbozi, ambiri atambasula zala ziwiri pa galasi, ndiko kumene kutchedwa zoom. Pa mafoni ambiri a m'midzi muno zoom siiyandikitsa kanthu ai. Ingotenga pakati pa chithunzi nkutambasula, ngati munthu wokoka nsalu yaing'ono kuti ikwane tebulo lalikulu. Pa 2x mwataya magawo atatu mwa anai a timadontho tija, ndipo 12MP yasanduka 3MP. Pa 4x kwatsala kadontho kamodzi mwa 16, osakwana ndi 1MP yomwe. Mafoni odula okha ndiwo ali ndi diso lina lapadera loonera patali. Kwa enafe zoom yeniyeni ndiyo miyendo.

Yandikirani tsono, koma osapyola masentimita 10, ndiko kuti m'lifupi mwa chikhatho chanu, pakuti diso lalikulu la foni silitha kuona bwino chinthu chapafupi kuposa apo. Mafoni ena ali ndi kadiso kotchedwa Macro koonera pafupi kwambiri, koma pa mafoni otchipa kawirikawiri nka 2MP chabe. Yesani zonse ziwiri, muone chimene chionetsa bwino. Chotsani mbozi pa chimanga, muiike pa kachidutswa ka katoni, pa mthunzi. Katoni iposa pepala loyera, pakuti pepala loyera linyenga kamera monga diresi la mkwatibwi lija. Pambali pache ikani kamtengo ka machesi kuti mlangizi adziwe kukula kwache. Gundani pa galasi pamene pali mutu wa mbozi, dikirani kuti pakhale poyera, nimujambule. Chitaninso chomwecho ku mchira. Chithunzi chachitatu chikhale cha chimanga chomwecho, choonetsa mabowo a m'masamba ndi ndowe zonga utuchi zimene mbozi isiya m'kati mwa nsonga. Musanachoke m'munda tsegulani zithunzizo mu Gallery ndi kuzikulitsa ndi zala. Apo ndipo zoom iri ndi ntchito. Ngati Y uja saoneka, jambulaninso mbozi ikadali m'manja mwanu.

Pa masamba chofunika ndi mtundu. Chimanga chosowa nayitrojeni chichita chikasu pa masamba a m'munsi, kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wa pakati. Chosowa fosifolasi chichita kufiirira m'mbali mwa masamba chikadali chaching'ono. Mlangizi awerenga mitundu imeneyi monga dokotala awerengera maso a wodwala. Tsono mafoni ambiri ali ndi AI ndi Filter zimene zikongoletsa mitundu, ndipo zikaona munda ziwonjeza kubiriwira. Munda wodwala utuluka wokongola ngati wa pa thumba la mbeu. Zimitsani zonse ziwiri. Chinanso chothandiza ndicho kuika tsamba labwino pambali pa tsamba lodwala m'chithunzi chimodzi. Ngakhale kamera italakwitsa mtundu, kusiyana kwa awiriwo kudzaonekabe.

Kamera ilakwitsa mtundu chifukwa kuwala sikufanana. Kwa babu wa kale kapena nyali ya parafini nkwachikasu, kwa mthunzi nkopita ku mtundu wa thambo. Diso la munthu likonza lokha osadziwa, koma kamera ingoganizira. Mu gawo lotchedwa Pro kapena Manual muli malembo akuti WB, ndipo pansi pache pali timazizindikiro ta dzuwa, mtambo ndi babu. Sankhani chofanana ndi kuwala kumene muli nako. Mafoni ena aonetsa manambala okhala ndi K: pafupifupi 2800 ndi wa babu wachikasu, 5500 ndi wa dzuwa la masana, 7000 ndi wa mthunzi.

USIKU NDI M'NYUMBA

Kanyali ka kuseri kwa foni, kamene anthu akatcha fulashi, kafika mapazi awiri kapena atatu basi. Pa msonkhano wa usiku kangowalitsa fumbi ndi nkhongo za amene akhala patsogolo panu. Munthu akakhala pafupi kwambiri nkhope yache inyezimira ngati wadzola mafuta botolo lonse, ndipo kumbuyo kwache kuli mdima. Kachizindikiro kache nkonga mphezi. Kaikeni pa Off, musakasiye pa Auto. Njira yabwino ndiyo kutenga nyali ya sola kapena tochi ya foni ya mnzanu, nimuunikire khoma loyera lapafupi kuti kuwala kubwerere pa nkhope kuchokera m'mbali.

Ngati foni yanu iri ndi Night kapena Super Night, igwiritseni ntchito, koma dziwani kuti itola kuwala kwa masekondi angapo, monga kapu ija pa mvula yowaza. Nthawi yonseyo foni isagwedezeke ndipo wojambulidwa asasunthe. Itsamiritseni pa tebulo, pa njerwa kapena pa kaliyala ya njinga, nimuyatse Timer ya masekondi 3 kuti kugunda kwa chala chanu kusaigwedeze. Popanda chotsamiritsa, gwirani ndi manja awiri, zigongono zikhale pa nthiti, ndipo mujambule ndi batani lokwezera mau la m'mbali, limene pa mafoni ambiri ligwiranso ntchito imeneyi.

Amene afuna kupita patsogolo apeza mu Pro muja chilembo S, ndiyo nthawi ija: 1/30, 1/125, 1/500. Nambala ya pansi ikakula nthawi ichepa. Mwana wothamanga pa bwalo la mpira, kapena mbuzi yosakhazikika, aime bwino pa 1/500 ngati kuli dzuwa. M'nyumba 1/500 ipereka mdima wokhawokha. Mukamaliza bwererani ku Photo wamba, pakuti foni ina ikumbukira zimene mudaika dzulo. Zikasokonekera zonse, pansi penipeni pa Settings ya kamera pali mau akuti Reset kapena Restore defaults, amene abwezera kamera monga idaliri pogula. Zithunzi zanu sizifufutika ai.

ZIPHASO NDI MAKALATA

Kuyambira pa kalembera wamkulu wa 2017 anthu ambiri ali ndi chiphaso cha unzika, ndipo nthawi zambiri afunsidwa kutumiza chithunzi chache. Chimodzimodzi satifiketi ya MSCE, lisiti la ku msika wa fodya, kapena kabuku ka ku chipatala. Yalani pepala pa tebulo kapena pa mphasa pafupi ndi khomo, muongole makwinya. Fulashi ikhale yozima, pakuti pulasitiki ya chiphaso ibweza kuwala ndipo pa malo a nambala patuluka banga loyera. Foni ikhale pamwamba penipeni pa pepala, yogona monga pepalalo lagonera; ikapendekeka, malembo a mbali imodzi aoneka, a mbali ina atayika. Imani moti mthunzi wa dzanja lanu usagwerepo, ndipo ngodya zonse zinai zilowe. Pepala loyera likonda kutuluka lotuwa, chifukwa kamera ichepetsa kuwala monga tanena. Kwezani kadzuwa kaja pang'ono. Jambulani ndi kamera ya kuseri, osati ya kutsogolo, imene pa mafoni ena isunga chithunzi chotembenuka ngati cha pa kalilole, malembo nawerengeka chobwerera. Mukatha kulitsani chithunzi, muwerenge malembo ang'onoang'ono koposa. Ngati inu mulephera kuwawerenga, kalaliki wa ku ofesi adzalepheranso, ndipo adzakubwezani. Chithunzi cha chiphaso musamachitumize kwa munthu wongokuimbirani foni amene simumdziwa, pakuti akuba achigwiritsa ntchito m'dzina lanu.

POTUMIZA

Mungachite zonsezi bwino, chithunzi nkuonongeka pa njira. WhatsApp ichepetsa chithunzi chirichonse potumiza, kuti bandulo isathe msanga. Mbali yaitali itsika kuchoka pa timadontho 4000 kufika pafupifupi 1600. Kwa chithunzi cha moni izi ziribe kanthu, koma malembo ang'onoang'ono ndi timadontho ta mbozi tija zitha kutayika. Kuyambira m'chaka cha 2023 pali batani la HD pamwamba pa chithunzi musanachitumize, ligundeni. Ngati mufuna kuti chifike chathunthu monga mudachijambulira, gundani kachizindikiro kophatikizira zinthu, nimusankhe Document m'malo mwa Gallery. Njira imeneyi idya bandulo yochuluka, 3MB kapena 4MB pa chithunzi chimodzi, kotero isungireni zofunika zokha: chiphaso, mbozi, ndi chithunzi chimene mbale wanu adzakatsukitsa kuti apachike pa khoma. Musatumize screenshot ya chithunzi, pakuti chimenecho nchithunzi cha galasi la foni chabe, chochepa kuposa chenichenicho.

Chomaliza chiri mu Settings ya kamera momwemo, pa mau akuti Location kapena Geotag. Ikayaka, foni ibisa m'kati mwa chithunzi malo enieni pamene mudaima pojambula. WhatsApp ichotsa zimenezi pa chithunzi chotumizidwa mwa masiku onse, koma chotumizidwa ngati Document chipita nazo. Kwa mlangizi wofuna kudziwa munda umene mbozi zayambira izi zithandiza, ndipo mungaisiye yoyaka. Koma ngati chithunzicho ncha ng'ombe kapena njinga yamoto imene mugulitsa kwa munthu wosamdziwa, izimitseni musanajambule, pakuti chidzamuonetsa pamene pali khola lanu.